A Dailesi ndi Nsomba Zawo Zinayi

Ndiyambe ndi kutsutsa bodza lija mwakhala mukulimva m'maminibasi, lakuti a Dailesi, ogulitsa nsomba mumsika wa Limbe, ali ndi kansupa pansi pa benchi. Akuti mtsikana akafuna banja amangogula mlamba kwa iwo, n'kukamuphikira mnyamata, basi mwezi wamawa chinkhoswe. Bodza la mkunkhuniza. Ine Bertha benchi langa la tomato linagundana ndi lawo kalekale, ndipo pansi pa benchi lawolo ndasuzumirapo kangapo, osati mwangozi ayi. Pali ndowa, masilipasi osinthira, ambulera yothyoka ndi Baibulo lokulunga m'jumbo. Kansupa palibe. Kakanakhalapo, bwenzi ine ndikufunda bulangete ndekha mpaka lero?

Chimene a Dailesi ali nacho ndi maso, komanso pakamwa posaopa munthu.

Kwawo ndi ku Nsanje, kufupi ndi madambo. Anakula akutumbula nsomba asanadziwe n'kulemba dzina lawo komwe. Ku Blantyre anabwera ndi amuna awo, a Peterson, amene anagwira ntchito yaulonda m'mafakitale mpaka tsitsi kuyera. Amakhala kumunsi kwa Mpingwe. A Peterson ndi munthu woti mukawapatsa moni Lolemba, yankho mudzalimva Lachitatu. Samwa, sayendayenda, ndipo palibe anawamvapo akukweza mawu.

Tsono a Dailesi amati anthu onse a pansi pano, kaya wa taye kaya wa wilibala, ndi nsomba zinayi basi.

Pali mlamba. Madzi akaphwa, mlamba suthawa. Umalowa m'matope n'kudikira mvula. Sufa msanga, koma uli ndi minga m'mbalimu, ndipo woukhudza mwachipongwe amalira. Pali makakana, nsomba zosunga ana m'kamwa: munthu wotere amalephera kudya, amalephera n'kudandaula komwe, chifukwa pakamwa padzaza ana. Pali matemba, amene sayenda okha. Anzake akakhotera kumanzere, temba nalo kumanzere, ngakhale kukhale ukonde. Ndiye pali mcheni: wonyezimira, waliwiro, mano panja. Wokoma kumuona, koma ukamutulutsa m'madzi sachedwa kununkha.

"Nanga ine?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Inu a Bertha simuli m'gulumu. Ndinu nkhanu. Nkhani iliyonse mumailowera cham'mbali."

Ndinakwiya mpaka masana, kenako ndinaona kuti sananame.

Malamulo awo a ukwati ndi awa. Mlamba ndi makakana, banja labwino, koma m'nyumba zii ngati muli maliro. Mlamba ndi mcheni, mbale zimasweka koma ukwati susweka, poti mlamba sutopa kudikira. Temba ndi temba, ukwati wake umayendetsedwa ndi aneba. Koma mcheni ndi temba, ayi. Pamenepo a Dailesi amasiya kuseka. Amati umenewo si ukwati, ndi nkhomaliro.

Zinayamba ngati nthabwala za pamsika, koma mukudziwa mmene tauni ino ilili. Posakhalitsa atsikana anayamba kubwera ndi zibwenzi zawo, ati kudzagula ndiwo. Mnyamata akusankha nsomba, a Dailesi akusankha mnyamatayo. Amaona mmene wagwirira, ngati wanunkhiza, ngati wayang'ana mtsikanayo asanaloze, ngati maso athawira kwa mtsikana wogulitsa mpunga wa benchi lachitatu. Pomanga ndiwozo amangoti, "Mwana wanga, wagula mlambatu," kapena, "Matembawa uwasamale, sachedwa kumwazika." Mtsikana wamva. Ngakhale amayi a Mvano, amene pamaso pa abusa amati zimenezi n'zachikunja, amatumiza ana awo mwakachetechete.

Ena zinawakomera. Ena ayi. Kuli Eliot, kondakitala wa minibasi za ku Bangwe. A Dailesi anamutcha mcheni pamaso pa anthu, iye n'kusangalala, n'kukalembetsa dzinalo kumbuyo kwa minibasi ndi penti yofiira. Kuchokera pamenepo wasiya akazi awiri. Mukamudzudzula amangotambasula manja: "Nditani ine, masteni? Ndi mmene ndinabadwira. Kafunseni a Dailesi." Ndipo anthu ankati, mwaona, mayi aja salakwitsa. Mbiri imeneyi, yoti salakwitsa, ndiyo inali chuma chawo chenicheni. Nsomba zinali zongoperekeza.

Tsono mvula ikakuona litsiro siikata. Tsiku linafika loti nsomba ilowe m'nyumba mwawo.

A Dailesi ali ndi mwana wamkazi, chitsiriza, dzina lake Ireen. Amagwira ntchito m'sitolo ya nsalu m'tauni, ndipo amaimba kwaya. Mayi ake anamutcha temba ali wamng'ono, chifukwa anzake akalira nayenso ankalira, osadziwa chomwe chachitika. Anakula choncho, wofatsa, womvera, wosadziwa kukana.

Ireen anakondana ndi Aleck, wowotcherera zitsulo ku Ginnery Corner, wokhala ku Nkolokosa. Agogo ake anachokera ku Mozambiki wapansi, iye anabadwira konkuno. Mageti amapanga okongola, zimenezo sindingamunamizire. Koma mnyamatayo pakamwa! Akamaseka ku Ginnery, a ku Chichiri amatembenuka. Malaya ake ndi onyezimira ngati pepala la switi, ndipo nsapato zimafika pamalo iye akadali m'njira.

Ireen anadziwa kuti pavuta. Ndiye anamuphunzitsa. "Ukakafika usakalankhule zambiri. Usakanene za mtengo. Ukasankhe mlamba, modekha, ngati munthu woganiza."

Linali Loweruka m'mawa. A Dailesi anali ndi milamba yamoyo m'beseni, yobwera usiku kuchokera kuchigwa. Aleck anafika atavala malaya otuwa obwereka, manja kumbuyo ngati mkulu wa mpingo. Anapereka moni mogwada pang'ono. Mpaka apo zinali bwino, inenso ndinayamba kumukhulupirira.

"Mukufuna ziti, bambo?" anafunsa a Dailesi.

"Mlamba, mayi. Ine ndimakonda mlamba. Kuyambira ndili mwana. Ndipotu anzanga amanena kuti khalidwe langa..."

Ireen anamuponda phazi.

"Lozani," anatero a Dailesi.

Akanangoloza. Koma ayi, magazi a mnyamata. Anapinda malaya, n'kuyang'ana uku ndi uku kuti aone ngati anthu akumuona, n'kupisa dzanja m'beseni kuti atulutse waukulu kwambiri yekha. Mlamba unangopindika kamodzi. Munga wonse m'chikhatho.

"Mayo ine! Chinsomba cha ufiti ichi!"

Nsomba inauluka n'kudzagwera pa mulu wa tomato wanga. Aleck akudumphadumpha, dzanja m'khwapa, akutchula mawu ena amene sindingalembe pano poti ndine wa Chigwirizano. Msika wonse m'mimba gwire. A Dailesi sanaseke. Anatola mlamba wawo, kuutsuka, kuubwezera m'madzi. Kenako anayang'ana mwana wawo.

"Mcheni wobwereka malaya," anatero. "Ireen, pita naye akamange chilondacho. Ukamusiye komweko."

Mawu amenewo anafika ku Ginnery Corner mnyamatayo asanafike. Sindikudziwa anawanyamula ndani. Chabwino, ndinauzako anthu awiri okha.

Ankhoswe a kwa Ireen, amene anali atayamba kale kukambirana ndi a kwa Aleck, anaima. Anati sitingapitirire mawu a mayi wake, makamaka mayi wake ameneyu. Anzake a Aleck kuntchito anasiya kumuitana dzina lake, n'kumangoti Mcheni. Poyamba ankakwiya. Kenako anayamba kuvomera. Anayamba kuoneka ku Kamba madzulo, botolo m'manja, bandeji ili mbuu, akuuza aliyense kuti akazi ndi ambiri ngati mchenga. Munthu amene kale ankathamangira kukadikira Ireen pa siteji! Mapeto ake tinamva kuti wagula tikiti ya basi ya ku Joni, anyamuka Loweruka.

Lachinayi masana Ireen anabwera kumsika, maso ali psuu. Anaima kutsogolo kwa benchi ngati kasitomala.

"Amayi, munati ine ndine chiyani?"

"Ukudziwa."

"Nenani."

"Temba."

"Temba limatani?"

A Dailesi anapitiriza kupala mamba.

"Limatsatira," anadziyankha yekha Ireen. "Moyo wanga wonse ndatsatira inu. Munati kwaya, ndinalowa kwaya. Munati sitolo ya nsalu, ndili m'sitolo ya nsalu. Tsopano Loweruka nditsatira Aleck. Popanda chinkhoswe, popanda abusa, popanda inu. Musadandaule, si ine. Ndi mmene ndinabadwira."

Mawu a Eliot enieni, m'kamwa mwa mwana wa kwaya. Mpeni unaima m'manja mwa a Dailesi. Ireen anatembenuka n'kumapita, osayang'ana m'mbuyo.

Mawa lake kunachitika chodabwitsa china. A Peterson anabwera kumsika. Zaka zonsezi sanapondemo, amati phokoso limawapweteketsa mutu. Anafika ndi jekete lawo laulonda, n'kukhala pa kreti pakati pa benchi langa ndi la akazi awo. Ine ndinayamba kupukuta tomato mmodzimmodzi, ngakhale anali woyera kale.

"Amake Ireen," anatero, "mwana walongedza chikwama."

"Ndaona."

"Mnyamata uja mwati ndi mcheni."

"Ndi mcheni. Ngakhale wakhungu angaone."

"Eya." Anakanda pachibwano. Kenako: "Nanga ine, ku Bangula kuja, ndinali chiyani?"

"Inu ndinu mlamba. Dziko lonse likudziwa."

"Sindikufunsa za lero. Ndikunena nthawi ija ndinali ndi njinga ya magalasi awiri ndi wailesi pa hendulo. Nthawi ija valimba ikalira, ndinkavina mpaka atsikana kuiwala mitsuko kudambo."

Tomato anandipulumuka m'manja. A Peterson? Kuvina?

"Bambo a Ireen, pano ndi pamsika," anatero a Dailesi.

"Bambo anu anandithamangitsa ndi nkhafi. Anati uyu ndi mcheni, adzakudya n'kukutaya. Ananama?"

A Dailesi anatembenuza nsomba pa benchi.

"Sananame. Koma inu munaimirira pakati pa bwalo, pamaso pa abale anu onse, n'kunena kuti: ameneyu ndi mlamba, madzi akadzaphwa sadzandithawa. Ine ndinayang'ana kumbuyo, kuyesa mukunena wina. Tsiku limenelo m'thumba mwangamu munali mpango wa mtsikana wa kwa Tengani."

"Wobiriwira," anatero a Dailesi. "Wa maluwa oyera. Unkaonekera."

"Munauona?"

"Ndine wakhungu ine?"

"Ndiye munanenanji zimene zija?"

"Ndinkakufunani. Ndikanati chiyani?"

A Peterson anaseka. Ndinaona mano awo koyamba, ndipo ndikuuzeni, ndi mano a mcheni.

"Mpango uja ndinautaya mu Shire pobwerera," anatero. "Ndinati, mkazi wandinamira bodza lalikulu chonchi pamaso pa bambo ake, ndikamuchititsa manyazi ndidzakhala galu. Ndinati ndiyesere chaka chimodzi. Chaka chinatha, anthu akuti mlamba, mlamba. Ntchito inatha kufakitale kuja, anzanga anathawa mabanja, ine ndinati mlamba suthawa. Mpaka ndinazolowera matope." Anaimirira, n'kukonza jekete. "Ine munandipatsa dzina loti ndilikulire. Mwana wa eni ake mwamupatsa loti afe nalo. Ndapita, phokoso landikwana."

Tsiku limenelo a Peterson analankhula mawu a chaka chathunthu. Ndikukhulupirira sanayankhulenso mpaka Khirisimasi.

A Dailesi anakhala pansi nthawi yaitali, ntchentche zikuchita phwando pa usipa. Kenako anamanga chitenje mwamphamvu.

"A Bertha, siyirani mnzanu tomatoyo. Nyamulani beseni."

"Tikupita kuti?"

"Mukafuna nkhani muzinyamulako katundu."

Tinakwera minibasi ya ku tauni, beseni la mlamba wamoyo pamiyendo panga, madzi akukhavukira pa thalauza la bambo wina wa taye. Kondakitala anati nsombayo ilipire mpando. A Dailesi anamuyang'ana kamodzi, n'kumuuza kuti ndi temba, iye n'kuiwala za mpandowo mpaka ku Ginnery Corner.

Kumene amagwira ntchito Aleck ndi kuseri kwa mashopu, pabwalo lodzaza mageti ndi mafelemu a mawindo. Anyamata atationa anazimitsa makina.

"Mcheni! Apongozi ako aja abwera ndi mdani wako!"

Aleck anakweza magalasi akuda pamphumi. Bandeji inali yakuda bii. Anafuna kuonetsa mwano, koma anangopezeka wagwada pang'ono.

"Mayi, ngati mwabwera za Ireen, ine sindinamukakamize. Ndinamuuza kuti atsale."

"Unamuuza kuti atsale?"

"Ku Joni sindikudziwako aliyense. Ndikagona pati naye? Koma samva."

A Dailesi anamuyang'anitsitsa. Sindikudziwa chimene anaona. Ine ndinangoona mnyamata wamatsire, wa ndevu zosameta. Kenako anatembenukira kwa anyamata onse aja, ndi amayi ogulitsa chimanga chowotcha, ndi ine amene, podziwa bwino lomwe kuti chimene chalowa m'khutu mwanga chimagona ku Ndirande tsiku lomwelo.

"Tamverani nonse. Ine Dailesi wa mumsika wa Limbe, amene mumati sindilakwitsa, ndinalakwitsa. Maso akukalamba. Mnyamata uyu si mcheni."

"Nanga ndi chani, masteni? Bonya?"

Anaseka onse. A Dailesi anadikira kuti amalize.

"Ndani wa inu anapisapo dzanja m'beseni la milamba chifukwa cha mkazi? Iwe wa chipewa, unapisapo? Mcheni ukamva kuwawa umathawa osayang'ana m'mbuyo. Uyu wabayidwa, wanyozedwa msika wonse, koma akudera nkhawa kumene mwana wanga akagone. Ameneyu ndi mlamba. Wamng'ono, wopusa, sunadziwe matope ake. Koma mlamba."

Aleck anayang'ana kumbuyo, kuyesa akunena wina. Ndinatsala pang'ono kugwetsa beseni.

"Bwera kuno," anatero a Dailesi. "Dzanja lakumanzere, linalo unawononga kale. Usaugwire pamimba. Uyambire kumutu, pang'onopang'ono. Zala ziwiri kuseri kwa minga. Usafinye. Ukaufinya ukubaya, ukaulekerera uthawa. Eya. Kweza."

Anaukweza. Mlamba unapiringizika, n'kudekha. Mnyamatayo thukuta kamukamu, akumwetulira ngati wapambana mpikisano.

"Ireen umugwire choncho," anatero. "Nayenso ndinamulakwitsa. Temba silingaime lokha pamsika n'kumatsutsa mayi ake. Ali ndi minga ameneyo, wayamba kuionetsa dzulo. Mlambawu ukapereke kwa ankhoswe ako, uwauze abwere Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Tikitiyo ukagulitse kwa mcheni weniweni, aliko ambiri."

M'minibasi pobwerera ndinalephera kupirira.

"A Dailesi, tili awiri. Mnyamata uja ndi mlambadi?"

Anayang'ana pawindo. "Mudzandifunse tsitsi lake likadzayera."

"Ndiye mwanama?"

"Ndamupimira malaya okulirapo. Akadya bwino amukwana."

Musaganize kuti zinawatsikira mosavuta. Mbiri yoti a Dailesi alakwitsa inayenda kuposa ya kansupa ija. Atsikana ena anasiya kubwera, ati mayi aja maso anatha. Wogulitsa mpunga wa benchi lachitatu anayamba kugawa anthu m'mitundu ya nyemba, koma palibe mnyamata amene anavomera kutchedwa khobwe, ndiye zinathera pomwepo. A Dailesi sanadandaule. Koma ndaona kuti masiku ano dzina la mcheni salitulutsa msanga. Amayamba alitafuna, nthawi zambiri n'kulimeza.

Eliot naye anabwera, chipewa m'manja.

"Masteni, ndamva kuti mukusintha mayina. Inenso mundionenso bwino."

"Kafufute kaye penti ija," anamuuza. "Ukatero ubwere ndi mkazi wako woyamba, adzakuone ndi iyeyo."

Penti anafufuta. Mkaziyo tikumudikirabe.

Chinkhoswe cha Ireen chinachitikira ku Mpingwe, ukwati kutchalitchi. Pa phwando anthu anaona zimene sanaonepo: a Peterson anavula jekete n'kulowa m'bwalo. Chiuno chimene chija, abale, pa msinkhu umenewo! Amayi a Mvano anaphimba kumaso, koma zala zili zotambasula. A Dailesi anangoti, "Mwaona chimene ndinaweta?"

Aleck sanasinthe malaya. Akuvalabe zonyezimira, akusekabe mpaka a ku Chichiri kutembenuka. Chaka chatha ntchito inasowa miyezi ingapo, anzake awiri anakwera basi ya ku Joni, n'kumuitana. Anakana. Anayenda khomo ndi khomo ku Nkolokosa akuwotcherera mbaula ndi mipando yothyoka, madzulo n'kubwerera kwa mkazi wake. Wina atamufunsa chifukwa chake, anayankha mokweza, monga mwa nthawi zonse, kuti: "Aise, sunamve? Ine ndi mlamba." Ireen naye masiku ano amakana zinthu. Wakana kale mayina awiri amene mayi ake anasankhira mwana wawo woyamba.

Aleck anawawotcherera apongozi ake benchi latsopano lachitsulo, lopanda matabwa m'mbali. Pansi pake pamaoneka ponse, ndiye amene mukukayikabe za kansupa, bwerani mudzasuzumire nokha, mugulekonso tomato.

Zoona zake n'zakuti a Dailesi alibe mankhwala alionse: amangomupatsa munthu dzina pamaso pa anthu, munthuyo n'kuchita manyazi kulitaya.